Funsani Tikuyankheni: Makhadi a baseball ndi Pirates ya ku Pittsburgh

Mwezi uno talandira makalata anayi ochokera kwa awerengi athu a muno mu Johannesburg, ndipo onse akufunsa za chinthu chimene ambiri a ife sitinakule nacho kumudzi, chomwe ndi makhadi a osewera baseball, masewero otchuka ku America omenya kampira ndi ndodo. Awa ndi timapepala tolimba, tokwana m'chikhatho, tokhala ndi chithunzi cha wosewera kumaso ndi mbiri ya kaseweredwe kake kumbuyo, ndipo anthu amatitolera, kutisunga ndi kusinthana. Makalatawo tawafupikitsa, ndipo mayina a eni ake sitinawalembe.

FUNSO: Akonzi, ine ndakhala ndikugwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga panyumba ina ku Randburg kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Mwezi watha abwana anga, amene akusamukira kunja kukakhala ndi ana awo, anandiuza kuti ndichotse zonse za m'galaja, ndipo pakati pa zimene anandipatsa panali bokosi la nsapato lodzaza ndi makhadi a baseball. Nditawerenga ndinapeza kuti akupitirira 600, zaka zolembedwa kumbuyo kwake ndi za pakati pa 1987 ndi 1992, ndipo ambiri alembedwa kuti Pirates, ngakhale kuti yunifolomu yake si ya Pirates imene ine ndimaidziwa. Mphwanga wandionetsa pa foni kuti khadi limodzi lotere linagulitsidwa madola mamiliyoni ambiri, ndipo akundikakamiza kuti tigulitse msanga kuti timalizire nyumba ku Mangochi. Kodi ndagwira chuma, kapena ndagwira zinyalala?
Bambo wa ku Randburg

YANKHO: Bambo, tiyambe ndi nkhani ya yunifolomu, chifukwa si inu nokha amene mwadabwa nayo. Pirates imene mukuidziwa inuyo ndi ya mpira wamiyendo, ya ku Orlando m'Soweto, yovala zakuda ndi zoyera, pamene iyi ya m'bokosi mwanu ndi ya mumzinda wa Pittsburgh ku America, imavala zakuda ndi zachikasu, ndipo yakhala ikusewera mu ligi yotchedwa National League kuyambira 1887. Matimu awiriwa angofanana dzina basi.

Mphwanu sanakunamizeni. Mu Ogasiti 2022 khadi la Mickey Mantle wa New York Yankees, limene kampani ya Topps inasindikiza mu 1952, linagulidwa pa okushoni ndi madola 12.6 miliyoni, ndipo m'mwezi womwewo khadi la Honus Wagner, amene anasewerera Pirates yomweyi kuyambira 1900 mpaka 1917, linagulidwa ndi madola 7.25 miliyoni. Chimene foni sinamuuze mphwanuyo ndi chimene chinakweza makhadi awiriwa chotere. La Wagner ndi la m'gulu la makhadi amene American Tobacco Company inkalowetsa m'mapaketi a ndudu pakati pa 1909 ndi 1911, ndipo popeza mwini nkhopeyo anakana kupereka chilolezo, kusindikiza kunaimitsidwa msanga, moti amene akudziwika kuti alipo lero sakwana 100. La Mantle ndi la nthawi imene makhadi ankagulitsidwa pamodzi ndi chingamu ndipo ankatengedwa ngati zidole za ana, amene ankawaponyerana, ankawapanikiza pa masipoko a njinga kuti zizilira poyenda, ndipo anawo akakula amayi awo ankangosesa n'kukataya kudzala. Khadi limene linapulumuka zonsezi lili loyera ngati la dzulo ndi losowa kwambiri, ndipo anthu andalama amalimbirana kusowa kwakeko.

Makhadi anu anabadwa m'nyengo ina. Kufikira 1980 Topps inali pafupifupi yokha pamsika, koma mu 1981 kunabwera Fleer ndi Donruss, mu 1988 kunabwera Score, ndipo mu 1989 Upper Deck nayo inalowa. Pa nthawiyo mbiri inali itawanda kale kuti makhadi akale asanduka ndalama, choncho makolo ndi ana omwe anayamba kugula makatoni athunthu n'kumawasunga osawatsegula n'komwe, ndipo makampani, poona kuti malonda akuyenda, anasindikiza mopanda malire. Inu a ku Mangochi mukudziwa zimene zimachitika padoko usipa ukaphedwa wochuluka tsiku limodzi, aliyense ali ndi beseni lodzaza, ndipo amene amatchula mtengo ndi wogula. Zimenezi ndi zimene zinagwera makhadi a zaka za 1987 mpaka 1994, amene otolera eni ake amawatchula monyoza kuti junk wax, kunena kuti ndi zinyalala za m'mapaketi. Ambiri mwa iwo ku America komweko amagulitsidwa ngati kaunjika, pa mulu.

Komabe musalitaye bokosilo musanaliunike. Khalani pansi Lamlungu lina masana, musambe m'manja n'kupukuta bwino, ndipo muwasanje makhadiwo malinga ndi chaka ndi kampani, zomwe zimalembedwa ndi tizilembo tating'ono kumbuyo. Pakati pa a Topps a 1987, amene mudzawazindikira chifukwa m'mphepete mwake anajambulamo ngati thabwa, funafunani nambala 320, imene ndi Barry Bonds akadali mnyamata wowonda mu yunifolomu ya Pirates, ndipo pakati pa a Upper Deck a 1989, ngati alipo, funafunani nambala 1, imene ndi Ken Griffey Jr. wa Seattle Mariners. Awa ndi ena mwa makhadi ochepa a m'nyengoyo amene anthu amawafunsabe. Pofuna kudziwa mtengo wake, musatengeke ndi ndalama zimene ogulitsa akupempha pa eBay, msika wa pa intaneti, chifukwa pakamwa pa wogulitsa palibe malire. Yang'anani mndandanda wa makhadi amene agulidwa kale, umene umaonetsa ndalama zimene wina anatulutsadi m'thumba.

Mudzaona pamenepo kuti khadi limodzimodzilo lagulidwa pena pa mtengo wa buledi, pena pa mtengo wa njinga yabwino. Kusiyanaku kumabwera ndi giredi, ndipo aliyense amene anasankhapo fodya m'chigafa asanamutumize ku okushoni ya ku Limbe kapena ku Kanengo sangavutike kumvetsa. Munda ndi womwewo, mbewu ndi yomweyo, koma tsamba lobooka, lothimbirira kapena lachuku siliyenda mtengo umodzi ndi losalala. Kuli makampani ku America, monga PSA imene inayamba mu 1991, SGC ndi Beckett, amene ntchito yawo ndi kupima khadi, kulipatsa giredi yoyambira pa 1 kulekeza pa 10, n'kulitsekera m'kachikuto ka pulasitiki yolimba kosatseguka. Amayang'ana ngati chithunzi chili pakati penipeni, ngati makona ali akuthwa, ngati m'mphepete simunabenthuke, ndiponso ngati kumaso kulibe zokala kapena mzere wa popindika. Mungathe kudziyesera nokha poika khadi pansi pa nyali n'kumalipendeketsa pang'onopang'ono. Mzere umene suoneka mukaliyang'ana chamaso umatulukira kuwala kukadutsa cham'mbali, ndipo kona imene yayamba kuyera ndi kufumuka ngati nsonga ya bulangeti lakale yachotsa kale giredi yapamwamba. Makhadi amene akhala zaka zoposa 30 m'bokosi la nsapato m'galaja, akukhulana okhaokha, safika kawirikawiri pa 9 kapena 10, ndipo ndalama yopimitsira limodzi, mukaphatikiza yotumizira ku America ndi yobwezera kuno, ingathe kuposa mtengo wa bokosi lanu lonse.

Choncho ndikuuzeni mosapita m'mbali kuti nyumba ya ku Mangochi simalizidwa ndi bokosili, ndipo mphwanuyo asakatenge malata pa ngongole podalira ilo. Koma sindikuvomereza kuti mwagwira zinyalala. Abwana anu akusiyirani imodzi mwa nyengo zokoma za timu imeneyi. Motsogozedwa ndi Jim Leyland, Pirates inakhala pamwamba m'chigawo chake mu 1990, 1991 ndi 1992. Bonds anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi yonse mu 1990 ndi 1992. Doug Drabek analandira mphoto ya Cy Young ya woponya mpira wopambana mu 1990. Ndipo panalinso Bobby Bonilla ndi Andy Van Slyke. Bonds atachoka kumapeto kwa 1992, timuyi inatha zaka 20 zotsatizana ikugonja kwambiri kuposa kupambana, n'chifukwa chake ochemerera ake akale amasunga makhadi a zaka zanuzi ngati zithunzi za pa ukwati. M'zaka zimenezo Topps inkatulutsa makhadi 792 pa chaka pamene matimu anali 26, moti timu iliyonse inkakhala ndi makhadi pafupifupi 30. Ndikanakhala ine, ndikanapatula a Pirates onse, ndikanatenga mndandanda wa chaka chilichonse pa tsamba la pa intaneti la Trading Card Database, umene ndi waulere, n'kuchonga amene ndili nawo, ndipo a matimu ena ndikanasinthanitsa ndi amene akusowa. Ngati mtima wanu suli pa zimenezi, ku Randburg komweko kuli kalabu ya baseball kumene ana amasewera, ndipo yankho la funso lotsatirali likuuzani chifukwa chimene dzina la Pirates silili lachilendo kumeneko.

FUNSO: Akonzi, mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 13 ndipo anayamba kusewera baseball chaka chatha atakopeka ndi anzake a kusukulu. Tsopano ndalama iliyonse imene ndamupatsa ya chakudya cha masana akuisunga kuti agulire mapaketi a makhadi kwa bambo wina amene amawaitanitsa kunja. Sabata yatha anabwera akulira chifukwa anapereka khadi lonyezimira, lokhala ndi nambala yodindidwa, kwa mnzake wamkulupo n'kulandira makhadi asanu wamba, ndipo anzake ena anamuseka kuti wapusitsidwa. Abambo ake akuti tingowatentha onse. Ine ndikuona kuti mwanayu wayamba kukonda kuwerenga ndi masamu chifukwa cha makhadiwa, koma ndikuopa kuti zingasanduke juga. Ndichite bwanji?
Mayi wa ku Rosettenville

YANKHO: Mayi, musawatenthe, ndipo abambo akewo muwapemphe kuti augwire mtima. Mantha anu okhudza juga ndi omveka, ndipo gwero lake ndi paketi yotseka ija. Makampani a masiku ano, ataphunzira pa zimene zinachitika m'zaka za m'ma 1990, amasindikiza makhadi ena ochepa mwadala n'kuwamwaza pakati pa makhadi wamba. Ena ndi onyezimira, otchedwa refractor, amene Topps inayamba kutulutsa mu 1993, ena ali ndi siginecha ya wosewera, ena ali ndi kachidutswa ka yunifolomu, ndipo ena ali ndi nambala yodindidwa monga 37/99, kutanthauza kuti ndi la nambala 37 mwa 99 okha amene anapangidwa. Nkhani za amwayi zimamveka patali. Mu Malichi 2025 khadi la Paul Skenes, woponya mpira wa Pirates, lokhala ndi siginecha yake ndi kachigamba kochokera pa yunifolomu imene anavala pa masewero ake oyamba mu 2024, linagulidwa ndi madola 1.11 miliyoni, ndipo amene analipeza m'paketi anali mwana wa zaka 11. Koma khadi limenelo linali limodzi lokha padziko lonse, ndipo ana ena onse amene anang'amba mapaketi chaka chimenecho palibe anawalemba m'nyuzipepala. Ngati mwana wanu akugula paketi ndi mtima wofuna kukhala wachiwiri wa mwana ameneyo, ndiye kuti phazi limodzi lalowa kale m'juga.

Mankhwala ake ndi kumupatsa malire amene iye mwini angawakonde, ndipo malire abwino ndi timu imodzi. Mwana wotolera timu imodzi amakhala ndi mndandanda, amadziwa chimene akusowa, ndipo amagula kapena kusinthanitsa khadi lenilenilo limene akulifuna, lomwe nthawi zambiri limatsika mtengo kuposa paketi yotseka. Khadi la timu ina likamugwera m'manja sadandaula nalo, chifukwa ndi limene adzapereke kwa mnzake wotolera Yankees kapena Dodgers kuti alandire la timu yake.

Timu asankhe yekha, koma mumufotokozere nkhani iyi asanasankhe. Gift Ngoepe anabadwa mu 1990 ku Polokwane, kukutchedwa Pietersburg nthawi imeneyo, ndipo anakulira muno mu Johannesburg m'kachipinda ka m'nyumba ya kalabu ya Randburg Mets, kumene mayi ake ankagwira ntchito yosamalira pamalopo, moti bwalo la masewero linali ngati pakhonde pawo. Pirates inamutenga mu 2008, mu 2009 anaimira South Africa pa World Baseball Classic, mpikisano wa matimu a mayiko, ndipo anakhala zaka zisanu ndi zitatu m'matimu ang'onoang'ono a pansi asanaitanidwe ku timu yaikulu. Pa 26 Epulo 2017 analowa m'bwalo la PNC Park pa masewero olimbana ndi Chicago Cubs, n'kukhala munthu woyamba wobadwira pa nthaka ya Africa kusewera mu Major League Baseball, ligi yaikulu ya ku America, ndipo ulendo wake woyamba womenya anaumenya bwino mpira woponyedwa ndi Jon Lester wa Cubs n'kufika pa base yoyamba, malo oyamba amene womenya amathamangirako. Kuno tsiku linali litasintha kale, kunali pa 27 Epulo, tsiku la Freedom Day. Sanakhalitse pamwambapo, ndipo mu 2018 anasewera pang'ono ndi Toronto Blue Jays, choncho makhadi ake wamba a 2017 ndi otsika mtengo, oti ndalama ya mwana ingakwanitse. Mu 2019 Tayler Scott, wobadwira mu Johannesburg momwe muno, anayamba kuponya mpira mu timu ya Seattle Mariners. Kwa mwana wokulira ku Rosettenville, khadi la munthu amene anaphunzirira masewerowa pa kapinga wa mumzinda wake womwe lili ndi kulemera kumene wotolera wa ku New York sangakumve m'manja.

Tsopano za misozi ya sabata yatha. N'kutheka kuti anapusitsidwadi, chifukwa khadi lokhala ndi nambala yodindidwa nthawi zambiri limaposa makhadi asanu wamba, koma n'kuthekanso kuti ayi, chifukwa khadi lonyezimira la wosewera wosadziwika lingathe kuchepa mtengo poyerekeza ndi khadi wamba la chaka choyamba cha wosewera wotchuka, limene kuyambira 2006 limakhala ndi kachizindikiro ka RC kumaso. Sindikulangizani kupita kwa makolo a mnzakeyo kukalanda, pokhapokha ngati panali kuopseza, chifukwa ana akazindikira kuti chimene asinthana naye chimakatengedwanso ndi amayi ake, palibe amene adzafune kusinthana nayenso. Mugwirizane naye malamulo ochepa. Khadi asalisinthanitse tsiku limene walipeza, ligone kaye kunyumba usiku umodzi, ndipo awirinu muone mtengo umene ena analigulira. Posinthana azikhala ndi mndandanda wake m'manja, kuti chimene akulandira chikhale chodzaza mpata umene ulipo, ndipo onse awiri aziona makhadiwo kumaso ndi kumbuyo, atawatulutsa m'timatumba, asanagwirane chanza. Ndalama ya chakudya ikhale ya chakudya, ndipo ya makhadi ikhale yapadera, ya pa mwezi, yodziwika kwa abambo ake, yoti ikatha yatha.

Za masamu mwaona bwino. Nambala ija yolembedwa kumbuyo kwa khadi ngati .300 imapezeka pogawa maulendo amene wosewera anamenya bwino ndi maulendo amene anawerengedwa kuti anaima kuti amenye, ndipo amene amapambana katatu pa khumi aliwonse amatengedwa ngati katswiri. Mumupatse pensulo aziwerengetsa yekha kuti aone ngati osindikiza sanalakwitse, ndipo abambo ake akhale woonetsetsa mayankho.

FUNSO: Akonzi, ndakhala wochemerera Pirates kuyambira nthawi ya Andrew McCutchen, ndipo ndili ndi makhadi a timuyi oposa 200. Munthu wina pa Facebook akugulitsa khadi la Roberto Clemente la 1955 pa R900 yokha, akuti linali la agogo ake ndipo akufuna ndalama mwamsanga, koma akuti nditumize ndalama kaye. Pa chithunzi likuoneka lakale ndithu, lachikasu m'mphepete. Kodi ndigule?
Mnyamata wa ku Mayfair

YANKHO: Achimwene, musagule. Khadi limene mukunenalo, nambala 164 ya Topps ya 1955, ndi la chaka choyamba cha Clemente, ndipo wotolera Pirates aliyense amalilota. Munthuyo anasewerera timu imodziyi kuyambira 1955 mpaka 1972, anathandiza kutenga World Series, chikho chachikulu cha pamapeto a chaka, mu 1960 ndi 1971, anamenya bwino mpira maulendo 3,000 ndendende, ndipo anamwalira pa 31 Disembala 1972 pa ngozi ya ndege imene inanyamuka kwawo ku Puerto Rico itasenza thandizo lopita kwa anthu ovutika ndi chivomezi ku Nicaragua. Khadi lake lenileni la 1955, ngakhale litakhala lothaitha, siligulidwa ndi R900, ndipo munthu amene akudziwa chaka ndi dzina la khadi la agogo ake sangalephere kudziwanso mtengo wake.

Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kukalambitsa pepala si ntchito yovuta, ena amaliviika mu tiyi, kuliyanika padzuwa n'kukhula makona pa simenti. Mukadzakumana ndi khadi lina lakale, yambani ndi kukula kwake. Kukula kumene tinazolowera, masentimita 6.4 m'lifupi ndi 8.9 m'litali, kunayamba mu 1957, ndipo makhadi a Topps a 1952 mpaka 1956 ndi okulirapo pang'ono, choncho la 1955 limene likulingana ndendende ndi makhadi anu a McCutchen linasindikizidwa pambuyo pake. Makhadi obwerezedwa mwachilungamo, amene Topps yomweyo imatulutsa pokumbukira zakale, amakhala ndi chaka chatsopano kapena mawu akuti reprint m'tizilembo tating'ono kumbuyo, ndipo akathyali amakonda kukhula pamalo amenewo, choncho mukaona pofufutika m'munsi mwa khadi, funsani chimene chinalipo. Galasi lokuza zinthu limathandizanso, chifukwa pa khadi lenileni zilembo zakuda zimakhala za inki imodzi yolimba, pamene pa lojambulidwa ndi makina a masiku ano zimakhala timadontho tamitundumitundu.

Inenso zinandionekera zaka zapitazo pamene ndinatumiza ndalama kwa munthu amene khadi lake ndinangoliona pa chithunzi, ndipo chimene chinafika mu envulopu chinali pepala loterera ngati chikuto cha magazini; nditaimbanso foni, nambalayo inali itazima. Khadi lodula mulione ndi maso, masana, pamalo pa anthu ambiri, ndipo ndalama ituluke khadilo lili m'manja mwanu. Ngati lili m'kachikuto ka PSA, nambala yolembedwa pamenepo muifufuze pa tsamba la kampaniyo kuti muone ngati ikugwirizana ndi khadi limene mwagwira. Ngati mukufunadi Clemente weniweni, makhadi ake a zaka zakumapeto, monga a 1972 ndi 1973, akakhala othaitha pang'ono amatsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi la 1955. Poitanitsa kunja muwerengeretu ndalama yotumizira ndi msonkho wa VAT wa 15 peresenti, ndipo mugwirizane ndi anzanu awiri kapena atatu kuti katundu abwere m'phukusi limodzi, chifukwa ulendo wa khadi limodzi lokha umadya ndalama yoposa khadilo.

FUNSO: Akonzi, ndimakhala m'chipinda cha malata ku Diepsloot, ndipo dzinja lapitali makhadi anga ena anamatana, ena anapindika ngati chipande. Ndikufuna kutumiza otsalawo kwa mchemwali wanga ku Zomba kudzera mwa a transipota kuti akandisungire mpaka ndidzabwerere kumudzi. Kodi ndi nzeru?
Wowerenga wa ku Diepsloot

YANKHO: Kutumiza ku Zomba pothawa chinyezi kuli ngati kuthawa mvula n'kukabisala m'mtsinje. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mpweya wake ndi wouma kwambiri, pamene Zomba ili m'tsinde mwa phiri, kumene m'nyengo ya mvula nsapato zimachita nkhungu zili m'kabati, osanenanso za chiswe ndi mphemvu. Chimene chawononga makhadi anu ndi chipinda chamalatacho, chimene chimatentha masana n'kumadontha thukuta usiku, ndipo zimenezi mungathe kuzigonjetsa ndi ndalama yochepa.

Khadi lililonse lilowe m'kathumba kake kofewa ka pulasitiki, kotchedwa penny sleeve, ndipo amene mumawakonda kwambiri alowenso m'kachikuto kolimba kotchedwa toploader. Kenako muwaimike chilili, osawathinitsa, m'kontena ya pulasitiki yotseka bwino, ngati ya ayisikilimu yotsukidwa ndi kuumitsidwa, ndipo muponyemo timapaketi tiwiri kapena titatu toyamwa chinyezi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano. Kontenayo isakhale pansi, isagunde khoma, ndipo isakhale pafupi ndi denga kapena pamene dzuwa limafika, chifukwa dzuwa limasulutsa mtundu. Ngati mungakonde buku la masamba a matumba asanu ndi anayi, funsani lopanda PVC. Mphira womangira amadya m'mphepete, selotepi imasiya banga losachoka, ndipo chonde musawachite lamineti ngati setifiketi ya kusukulu, chifukwa khadi lotero wotolera aliyense amaliona ngati lafa. Amene apindika muwaike m'timatumba n'kuwatsindira ndi mabuku olemera kwa masabata angapo. Amene amatana musawakoke mwamphamvu, chifukwa nkhope ya wina idzatsalira pamsana pa mnzake.

Ngati mwatsimikiza mtima kuti apite basi, kumbukirani njira yake. Katundu wa a transipota amadutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, ali m'ngolo pansi pa tenti, atapanikizidwa ndi mafiriji ndi matumba, ndipo nthawi zina amatha masiku pachipata dzuwa likuswa mtengo. Ndi bwino kudikira mbale wokwera basi pa Park Station kuti aike kontenayo m'chikwama chake cha m'manja, itakulungidwa ndi zovala. Musanaitseke, jambulani makhadiwo ndi foni tsamba ndi tsamba, lembani mndandanda wake pa mapepala awiri, limodzi lanu lina la achemwali anu, ndipo muwauze kuti asaiike m'kabati ya magalasi yoyang'ana pawindo, komanso kuti adzukulu akalira asawatsegulire.